Mwana ali ku Nairobi, mlongo wake akufunanso kupita: zokambirana za mu 2025 pa gulu la Mbumba ya ku Dedza

Anaphiri (Area 25):
Mwaswera bwanji abale anga nonse. Mundikhululukire, ndilemba zambiri chifukwa nkhaniyi yandilemera. Ambiri mukudziwa kuti mwana wanga woyamba ali ku Kenya, akutumikira ngati mmishonale wa mpingo wathu, Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, womwe anthu amautcha wa a Mormon. Adanyamuka chaka chatha, abwera chaka chamawa. Pa 18 May chaka chino cha 2025 ku Nairobi adapatula kachisi watsopano, ndipo masabata a m'mbuyo mwake, pamene zitseko zidali zotsegukira munthu aliyense, iye adali m'gulu la olandira alendo. Chichokereni nthawi imeneyo akaimba foni nkhani yake ndi ya kachisi basi. Tsopano mlongo wake wamva zonsezi, wakwanitsa zaka 19, MSCE adakhoza bwino, ndipo akuti nayenso apita. Achimwene anga kumudzi, amalume awo a anawa, akanitsitsa. Ndabwera nayo pano chifukwa pagulu pano tili a mipingo yosiyanasiyana. Sindikufuna kumva a kwathu okha.

Nangozo (Bembeke):
Taswera Anaphiri. Tisanafike kwa mtsikanayo ndifunse kaye, mnyamatayo amalandira zingati pamwezi kumeneko?

Anaphiri (Area 25):
Salandira malipiro achemwali. Amapatsidwa ya chakudya ndi yoyendera, nyumba amalipiriridwa. Ife a banja timasonkha zomwe tingathe, zotsalazo amathandiza abale a mumpingo.

Nangozo (Bembeke):
Zaka ziwiri mwana wamwamuna osatumiza ngakhale ya feteleza? Pamenepo amalume ndawamvetsa.

Mbewe (Ndirande):
Ndilowepo pang'ono, ine ndidatumikira ku Ghana. Amayi Nangozo sakunama, kunyumba kumatsaladi mpata, ndipo amene anganene kuti palibe chotayika sakunena zoona. Koma ndifotokoze mmene zimakhalira kuti tiziweruza chinthu chomwe tikuchidziwa.

Munthu susankha kopita. Umalemba mafomu kudzera kwa bishopu, yemwe amatsogolera tchalitchi chanu, ndi pulezidenti wa siteki, yemwe amayang'anira matchalitchi angapo a m'dera limodzi, umapimidwa kuchipatala, kenako kalata imachokera kulikulu ku Salt Lake City yonena dziko lomwe watumidwa. Anyamata amatumikira miyezi 24, atsikana miyezi 18. Zaka zoyambira adazitsitsa mu October 2012 nthawi ya Pulezidenti Thomas S. Monson, anyamata kufika pa 18, atsikana pa 19. Usanayambe umakakhala masabata angapo kusukulu ya amishonale, ambiri a ku Africa kuno tidadzera ya ku Accra. Ukafika kumalo ako umapatsidwa mnzako woyenda naye, ndipo simusiyana usana ndi usiku. Pakatha masabata asanu ndi limodzi aliwonse pamabwera uthenga wa kusamutsidwa, mwina ukhala, mwina unyamula chikwama. Kudzuka ndi m'mamawa, kupemphera, kuwerenga malemba, kenako tsiku lonse pansi ndi mapazi. Chibwenzi ayi, mpira wa pa TV ayi. Tsiku limodzi pa sabata, kawirikawiri Lolemba, ndi lochapa, logula zinthu ndi lolankhula ndi akunyumba.

Za kuimba foni sabata iliyonse ndi zatsopano, zidayamba mu February 2019. Nthawi yathu timaimba pa Khirisimasi ndi pa tsiku la anakubala basi, masiku ena onse adali makalata a pa intaneti. Mayi anga sadziwa kuwerenga, ndiye mng'ono wanga amapita kukawasindikizira kalatayo n'kukawawerengera pakhonde. Anaphiri inu muli ndi mwayi womva mawu a mwana wanu.

Anaphiri (Area 25):
Mwayi ndi womwewo achimwene, koma kumva mawu kumawonjezeranso kupukwa. Lolemba lapitali amandiuza za tiyi. Akuti ku Kenya nyumba iliyonse yomwe walowa amakuthira chai wa mkaka asanakufunse n'komwe dzina, ndiye ife tiyi sitimwa, khofi sitimwa. Kukana chakumwa m'nyumba ya munthu wosauka yemwe wagula mkaka chifukwa cha iwe, akuti chimenecho ndicho chidamuvuta kuposa Chiswahili. Tsopano amanena asanakhale pansi, ndipo amayi ena adazolowera, amamuwiritsira mkaka ndi madzi okha. Ugali akuti ndi wolimba kuposa nsima yathu koma wauzolowera, ndiwo zake masamba otchedwa sukuma wiki tsiku ndi tsiku.

Jere (Nairobi):
Moni nonse. Ine si wa mpingo umenewo, ndine wa Living Waters, koma ndikukhala kuno ndipo kachisiyo ndidalowamo. Ali ku Mountain View, ukapatuka pa Waiyaki Way, kufupi ndi Kangemi. Amene mumadziwa Nairobi mukudziwa kuti Kangemi ndi dera la anthu ovutika, nyumba zamalata zothithikana, pamene Mountain View ndi ya mipanda ndi alonda. Zaka zonse zomanga, chiyambire mu September 2021, anthu m'maminibasi a kuno, omwe amati matatu, ankalankhula zambiri. Ena ankati ndi za satana, ena ankati pansi pake pali zipinda zobisika. Zomwe timamva kwathu zija basi.

Atatsegula mu April mnzanga wakuntchito adandikoka. Pakhomo anyamata ndi atsikana ovala zikwangwani zakuda pachifuwa ankagwada n'kumativeka timapepala tapulasitiki kunsapato kuti tisadetse pansi. Ankaveka aliyense, wa suti ndi wa boda boda (kabaza wa njinga yamoto) yemwe, ndipo ndidaona bambo wina wachikulire akubweza phazi lake mwamanyazi, mnyamatayo n'kumugwira bwinobwino pachidendene mpaka adamuveka. Mwina adali mwana wanu Anaphiri.

Chidandidabwitsa n'chakuti m'katimo mulibe holo yaikulu ngati m'tchalitchi. Ndi zipinda zing'onozing'ono. Muli dziwe la ubatizo lokhala pamsana pa ng'ombe 12 zosema, adati zikuimira mafuko a Israeli monga zidaliri m'kachisi wa Solomo. Muli chipinda chomangira maukwati, chili ndi guwa pakati ndi magalasi oyang'anana. Chomaliza ndi chipinda chowala kwambiri chomwe salankhulamo, tidangokhala chete pang'ono n'kutuluka. Zobisika zija sindidazione.

Koma ndisabise Chichewa. Nditatuluka n'kudutsa pa Kangemi mtima udandiwawa. Nyumba yokongola chotere, pafupi pomwepo ana akutunga madzi ogula pa jerikani. Funso limenelo silidandichoke mpaka lero.

Nangozo (Bembeke):
Ndilo funso langanso a Jere. Ndalama imeneyo bwenzi itamanga zipatala zingati?

Mbewe (Ndirande):
Funsolo ndi loyenera ndipo nanenso lidandivutapo ku Accra. Ndinene momwe ndimalionera. Mpingo umathandizanso pa mijigo, katemera, njinga za olumala ndi chakudya pa nthawi ya ngozi, ndipo Lamulungu loyamba la mwezi timasala chakudya n'kupereka ndalama yake kuti bishopu athandizire osowa a m'dera lake. Izi sizikuchotsa zomwe a Jere adaona. Koma kwa ife kachisi si chokongoletsa. Muli miyambo yomwe timakhulupirira kuti singachitikire kwina kulikonse, monga kumanga mwamuna, mkazi ndi ana awo kuti akhale banja mpaka muyaya. Kachisi akakhala kutali, amene amamanidwa zimenezi ndi wosauka yemweyo. Wolemera amakwera ndege. Anthu a ku Kenya, Uganda ndi Tanzania ankayenera kupita ku Johannesburg, kachisi wa kumeneko adapatulidwa mu 1985 ndipo kwa zaka zambiri adali yekhayo mu Africa yense. Mayi wa ku Kangemi yemwe ndi wa mpingo wathu tsopano akhoza kupita wapansi.

Jere (Nairobi):
Pamenepo ndamva. Ndionjezere kuti oyandikana nawo apindulako pang'ono ndithu. A boda boda pa mphambano paja amanyamula alendo, amayi a chapati ndi chimanga chootcha amagulitsa. Si zambiri, koma zilipo.

Make Tadala (Durban):
Ine ndikuuzeni zomwe zimachitika chisangalalo chotsegulira chikatha, chifukwa kuno tidaziona kale. Kachisi wa kuno ali ku Umhlanga, dera lomwe Amalawi ambiri timagwirako ntchito za m'nyumba ndi m'maluwa. Adamupatula pa 16 February 2020, ndipo mwezi wotsatirawo Covid idatseketsa chilichonse, kachisi yemwe. Atatsegulanso, anthu ankayembekezera phokoso, zimkuzamawu, mapemphero a usiku wonse, magalimoto kutseka msewu Lamulungu. Palibe. Lamulungu amakhala wotseka, chifukwa mapemphero a sabata ndi sabata amachitira m'matchalitchi awo wamba. Tsiku lodzaza ndi Loweruka. M'mamawa umaona ma taxi akutsitsa anthu atanyamula tizikwama ta zovala zoyera, azigogo, achinyamata, ena mwachionekere ayenda usiku wonse. Amalowa, madzulo amatuluka, basi.

Ndiye kunena zoona samasowetsa munthu mtendere. Koma ndinenenso kuti akangopatulidwa, ife akunja timathera pa maluwa a panja. Si malo omwe dera lonse lingamati ndi athu, ngati mmene parishi ya Bembeke imakhalira, pomwe maliro, ukwati, sukulu, chipatala zonse zimazungulira pamenepo. Ndipo Anaphiri ndikufunseni, mwana wanu akadzafuna kukwatira m'kachisimo, amalume ake omwe si a mpingowo adzaima panja?

Anaphiri (Area 25):
M'chipinda chomangira muja salowa amene alibe chilolezo, zoona. Ngakhale ine wa mumpingo sindilowa popanda chilolezo, ndimayamba ndakafunsidwa ndi bishopu ndi pulezidenti wa siteki za chikhulupiriro changa, chakhumi, ndi khalidwe langa, ndipo chimatha pakapita zaka ziwiri. Koma chinkhoswe ndi ukwati wa pamaso pa anthu zimachitika kunja, aliyense alipo, ankhoswe mbali zonse. Kale m'maiko ena ukayamba ndi ukwati wa kunja unkadikira chaka chathunthu usanalowe m'kachisi. Lamulo limenelo adalichotsa mu May 2019 pofuna kuti abale asamasiyidwe. Ine sindingalole mwana wanga kukwatiwa achimwene anga palibe.

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndine Mkatolika, ndidabatizidwira ku Mua, ndipo ndili ndi zinthu ziwiri, china chowawa china chotonthoza.

Chowawa ndi ichi. Mpaka June 1978 mpingo umenewu sunkalola munthu wakuda kukhala wansembe kapena kulandira miyambo ya m'kachisi yomwe a Mbewe akunenayi. Lamulolo lidachotsedwa nthawi ya Pulezidenti Spencer W. Kimball. Mu 1978 ine ndidali kale pa ntchito, choncho kwa ine si mbiri yakalekale. Mwana wamkazi yemwe akufuna kukagogoda pa zitseko za anthu ayenera kuidziwa nkhaniyi asanapite, aimve kwa amayi ake, osati kwa munthu wokwiya pakhomo lachilendo.

Mbewe (Ndirande):
Aphunzitsi mwanena zoona, palibe chotsutsa. Ine ndidafunsidwa funso limenelo ku Ghana kambirimbiri, ndipo kumeneko anthu akukumbukiranso kuti boma lidatseka ntchito za mpingowu kuyambira June 1989 mpaka kumapeto kwa 1990, abale ankapempherera m'nyumba zawo. Mu 2013 mpingo udalemba poyera kuti ukukana ziphunzitso zakale zonena kuti khungu lakuda ndi temberero. Kwa ena zimenezo n'zokwanira, kwa ena ayi, ndipo sindingamuumirize munthu. Ine chomwe chimandigwira mtima n'chakuti yemwe adatsogolera mwambo woyamba kukumba maziko ku Nairobi ndi Joseph W. Sitati, Mkenya, ndipo pa kachisi wa ku Harare adali Edward Dube, mwana wa ku Zimbabwe komweko. Bala lilipo, koma amene akutsogolera kuno tsopano ndi ife.

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Zikomo poyankha mosazemba. Chotonthoza chija ndi ichi, ndipo ndikulankhula kwa amalume ngati akuwerenga. Mmalawi kupita kunja kukalalikira sizidayambe ndi ana awa. David Kaunda, wophunzira wa ku Livingstonia, adatumidwa ku Chinsali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mwana wake Kenneth adadzakhala pulezidenti woyamba wa Zambia. CCAP ya ku Harare idakula ndi anthu athu omwe adapita kukagwira ntchito ku Salisbury, ndi alaliki omwe adawatsatira kuchokera kwathu kuno. Tidazolowera kuganiza kuti mmishonale ndi mzungu wobwera kwa ife. Ine ziphunzitso za mpingowu zambiri sindigwirizana nazo, koma kuona mwana wa ku Dedza akuphunzira Chiswahili kuti alankhule za Yesu ndi anthu a ku Kangemi, sindingachitche chinthu chachabe.

Amalume a ana (Linthipe):
Ndikuwerenga aphunzitsi. Mwana wandilumikizira foni. Alongo anga aitengera pagulu nkhani ya m'banja, ndiye nane ndiyankhira pomwepa, mopanda mkwiyo.

Ine sindidana ndi mpingo wa alongo anga. Chilowereni iwo, alamu anga adasiya mowa, ana adakula aulemu, ndimaona ndi maso. Mnyamata atati akupita ndidavomera, ndidagulitsa mbatata ndi mbuzi kuti apeze pasipoti ndi nsapato. Koma mbumba iyi ndimaiyang'anira ndine. Bambo awo a anawa ntchito ndi yamaganyu. Kwacha idagwa mu November 2023, thumba la feteleza mukudziwa mtengo wake. Mtsikanayu ndi yekhayo m'banja lathu lonse amene wakhoza mokwanira kupita ku yunivesite, ndiye nkhokwe yathu ndi imeneyo. Ndiitsegule ndisanakolole? Akapita miyezi 18, malo ake kusukulu adzawapeza? Akadwala kudziko la eni ndani adzamuphikire phala?

Ndipo pali china chomwe sindidawauze alongo anga. Mnyamata uja adandiimbira kundifunsa maina a amayi athu, a agogo athu, midzi yawo ndi zaka zomwe adamwalira. Nditafunsa chifukwa, adati akufuna akawabatizire m'kachisi. Amayi athu adabatizidwa kale, adamwalira ali Mkatolika, adaikidwa ndi nyimbo za mpingo wawo. Kuwabatizanso ndiye kuti ubatizo wawo udali wabodza? Chimenechi chandipweteka kuposa za sukulu.

Anaphiri (Area 25):
Achimwene, sindimadziwa kuti mwana adakuimbirani za zimenezo. Pepani kuti zidakufikani mwa njira imeneyo, idayenera kubwera ndi ine, titakhala pansi.

Ndifotokoze momwe timakhulupirira, ngakhale simuvomereza. Munthu wamoyo amabatizidwa m'malo mwa womwalira, timatengera mawu a Paulo pa 1 Akorinto 15:29. Sitikhudza manda, sitiitana mizimu, ndipo womwalirayo salembedwa kuti ndi wa mpingo wathu. Timakhulupirira kuti kumene aliko ali ndi ufulu wolandira kapena kukana. Kwa ine ndi chikondi, ndimafuna amayi ndidzakhale nawo. Koma ndikumva kuti kwa inu zikumveka ngati kunyoza chikhulupiriro chomwe adafa nacho. Lamulo la mpingo limati munthu yemwe adabadwa m'zaka 110 zapitazi, dzina lake lisaperekedwe popanda chilolezo cha wachibale wapafupi kwambiri. Pa lamulopo ine monga mwana wawo ndikhoza kuvomera ndekha. Sindichita. Amayi adabereka tonse, ndipo inu mukakana dzina lawo silipita.

Amalume a ana (Linthipe):
Mawu amenewo ndawalandira alongo. Pakadali pano ndakana.

Anaphiri (Area 25):
Ndamva achimwene. Mwana ndimuuza Lolemba.

Nachisale (Mzuzu):
Ndilankhuleko za mtsikanayo, chifukwa tayamba kumuiwala. Ine ndidapita ndili mtsikana, ndidatumikira ku Uganda. Amalume, za chitetezo ndikutsimikizireni zomwe ndidaona: atsikana amakhala awiriawiri kapena anayi m'nyumba yomwe akuluakulu adaiyendera kale, kukada amakhala ali m'nyumba, ndipo pulezidenti wa mishoni amakhala ndi mkazi wake yemwe amatsatira za umoyo. Nditadwala malungo mnzanga wa ku Madagascar ndiye adandiphikira phala lomwe mukunenalo, adachita kufunsa kaphikidwe kake ine ndili chigonere, ndipo kuchipatala adandipititsa tsiku lomwelo.

Koma za sukulu musazipeputse, amalume akunena zenizeni. Ine nditabwera anzanga adali atapita patsogolo, ndipo miyezi yoyamba idali yowawa. Uchoka kumene tsiku lililonse lili ndi dongosolo, ufika kwanu palibe ntchito, anthu akungofunsa kuti ukwatiwa liti ndipo wabwera ndi chiyani. Sindidabwere ndi kanthu m'manja. Ndidabwera ndi Chingerezi chabwino, kutha kulankhula ndi munthu aliyense osanjenjemera, ndi kudziwa kusunga ndalama yochepa kuti ifike kumapeto kwa mwezi. Pambuyo pake ndidaphunzira pa intaneti kudzera ku BYU-Pathway, sukulu ya mpingowu, yomwe fizi yake kuno ndi yotsika, koma imafuna kompyuta, magetsi ndi bandulo, zomwe ku Linthipe si zapafupi.

Chomwe ndikufuna Anaphiri mudziwe n'chakuti kwa atsikana utumikiwu si lamulo. Atsogoleri amanena poyera kuti ndi kufuna kwa mwini. Ndipo khomo silitsekeka ali ndi zaka 19, akhoza kupita atamaliza sukulu. Ndiye mufunseni modekha: akufuna kupita chifukwa cha chikhulupiriro chake, kapena chifukwa mawu a mchimwene wake pa foni akukoma? Ndidaona ena omwe adapita pothawa mavuto a kunyumba kapena poganiza kuti ndi njira ya ku America. Amenewo ndiwo ankalira usiku. Ngati wasankhidwa ku yunivesite, apite yekha akafunse ngati angamusungire malo, ayankhidwe molemba. Asanyamuke ndi mawu apakamwa.

Nangozo (Bembeke):
Apa ndiye mwalankhula Nachisale. Ine ndikadakhala mayi wake ndikadati sukulu kaye. Mulungu sathawa.

Mbewe (Ndirande):
Ine ndikadati amve yekha mumtima, koma sinditsutsa kuti sukulu kaye ndi njira yabwinonso. Mpingo womwewo umatiuza kuti tiphunzire.

Agogo Banda (Highfield, Harare):
Ana anga, ndalemba mochedwa, maso ndi ovuta. Ine ndidabadwira kuno, bambo anga adachoka ku Dedza wapansi kudzera ku Tete kudzafuna ntchito. Ndine wa CCAP yomwe aphunzitsi atchulayo, mpaka lero timaimba m'Chichewa.

Chaka chino cha 2025 kachisi wina akumangidwa kuno, ku Highlands m'mbali mwa Enterprise Road. Adalengeza mu 2016, kukumba kudayamba mu December 2020, ndipo ndikadutsa pa kombi ndimamuona waima. Anaphiri, inu mumapita kuti pakadali pano?

Anaphiri (Area 25):
Ku Johannesburg agogo. Kwathu kuno kachisi kulibe. Timasonkha kwa nthawi yaitali, timakwera basi pa Dedza, Tete, Nyamapanda, kudutsa Harare wanuyo, Masvingo, Beitbridge, mpaka ku Joni. Ana amatupa miyendo, pa Beitbridge mzere wake mukuudziwa. Pali thumba la mpingo lothandiza omwe akupita koyamba, ndipo pafupi ndi kachisi pali malo ogona alendo, koma ambiri amapita kamodzi kokha moyo wawo wonse. Harare akatseguka ulendo udzafupika kwambiri, Beitbridge sitidzamuonanso.

Agogo Banda (Highfield, Harare):
Ndiye mudzafikira kwathu, mphasa zilipo. Koma chomwe chandidzutsa ndi nkhani ya maina ija. Amalume, za ubatizo wa akufa ine ndili mbali yanu, mpingo wanga suphunzitsa zimenezo. Koma kulemba mainako musakukane. Kuno kuli manda a anthu athu osawerengeka, m'mafamu a fodya, m'migodi, ena opanda chikwangwani. Ku Wankie mu June 1972 mgodi udaphulika, anthu oposa 400 adathera pansi, Amalawi adalipo. Kumudzi ankangoti adatchona. Adzukulu anga kuno amalankhula Chishona, mudzi wa agogo awo saudziwa, ndipo ine ndikapita udzapita nane. Anyamata a malaya oyerawa adabwera pakhomo panga, ndidawauza kuti mpingo ndili nawo kale, sadakakamire. Koma adandifunsa dzina la bambo anga, la amayi awo, la mfumu ya mudzi, ndipo ndidapeza kuti ena ndayamba kuwaiwala. Usiku umenewo ndidatenga kope la mdzukulu n'kuyamba kulemba. Kopelo lili m'nyumba mwanga, silidapite ku kachisi aliyense.

Amalume a ana (Linthipe):
Agogo, amalume awo a amayi athu adapita ku Salisbury amayi ali kamtsikana, sadabwerenso. Amayi adamwalira akuwatchulabe. Tidamva kuti ankagwira ntchito ya njanji.

Agogo Banda (Highfield, Harare):
Ngati ndi a njanji ndiye poyambira palipo, ambiri ankakhala ku Rugare, ndipo kumpingo kwathu kuli akuluakulu omwe adakulira kumeneko. Nditumizireni kumbali dzina lawo, mfunda wawo, mudzi ndi mfumu yake. Anthu ambiri ankasintha maina akafika kuno, choncho ngati mukudziwa lomwe ankaitanidwa nalo paubwana mulembenso.

Amalume a ana (Linthipe):
Ndikafunsa azakhali ku Kasumbu, ndi okhawo atsala odziwa. Alongo, Loweruka likudzali mubwere naye mwanayo kuno. Musamuyankhire, ndikufuna ndimve pakamwa pake. Abwere ndi mapepala ake a mayeso. Ndipo mnyamatayo mumuuze kuti maina ndimupatsa kuti alembe asunge, koma zomwe tagwirizana zija zikhale momwemo.

Anaphiri (Area 25):
Tibwera achimwene, tikwera ya m'mamawa. Nachisale, mungalole kuti mwanayu akuimbireni mawa madzulo asanakumane ndi amalume ake? Mumuuze zonse, ndi za miyezi yowawa ija.

Nachisale (Mzuzu):
Aimbe ikadutsa 6 koloko, ndikhala nditaweruka. Nambala ndakutumizirani kumbali.